Sheleni ya Rayner ndi ana ena amene anaweruza mabuku

Pali mwana wina amene makolo ambiri amadandaula naye. Ndi uja mukamutuma kuchigayo amapita buku lili m'khwapa, mukamuitana katatu osayankha, ndiye mukafunsa chimene akuwerengacho amayamba kukulongosolerani za zinjoka zolavula moto, mphete zamatsenga ndi maiko amene sapezeka pa mapu a kusukulu. Akulu timangoti, "Zachibwana basi, bwanji osawerenga za mayeso?" Koma ine nditatsata mbiri ya mabuku a mtundu umenewu, a nthano zodabwitsa zolembera ana ndi achinyamata, ndapeza kuti mwana wotereyu ndiye wakhala mzamba wake. Kangapo konse pa zaka zoposa 150, buku limene lero dziko lonse likulidziwa linatsala pang'ono kufera m'kabati, ndipo amene analitulutsamo anali mwana wa zaka 8 kapena 10.

Tiyambire ku Oxford, ku Mangalande, pa 4 Julayi 1862. Tsiku limenelo mphunzitsi wa masamu pa koleji ya Christ Church, Charles Dodgson, anakwera bwato pa mtsinje wa Thames pamodzi ndi mnzake Robinson Duckworth ndi ana atatu aakazi a Henry Liddell, mkulu wa kolejiyo. Pofuna kufupikitsa ulendo, Dodgson anayamba kupeka nthano ya kamtsikana kamene kanatsatira kalulu mpaka kugwera kudzenje. Nthano zotere anali atawasimbirapo zambiri, ndipo zonse zinkangothera m'malere. Koma ulendo uno mmodzi wa anawo, Alice wa zaka 10, anakakamira kuti nthanoyo ilembedwe. Bambo wa masamu uja anazengereza kwa nthawi ndithu, mpaka mu Novembala 1864 anampatsa Alice kabuku kolemba pamanja, zithunzi zake atajambula yekha.

Kabukuko kakanathera m'nyumba ya a Liddell pakanapanda ana ena. Dodgson anali atabwereketsa zolembazo kwa mnzake George MacDonald, yemwenso anali mlembi, ndipo mayi wa m'nyumbamo anawerengera ana awo. Anawo anasangalala zedi, moti mmodzi, Greville, anadzakumbukira atakula kuti iye anafuula kuti buku lotere lifunika lichuluke mpaka 60,000. Apa Dodgson analimba mtima. M'chaka cha 1865 kampani ya Macmillan, yomwe ija ambiri a ife tinaidziwira pa mabuku a kusukulu ndi timabuku ta Pacesetters, inasindikiza Alice's Adventures in Wonderland, mwini wake atabisala m'dzina lakuti Lewis Carroll.

Kuti timvetse chimene chinachitikacho, tikumbukire kuti mabuku ambiri a ana a nthawi imeneyo anali ulaliki wokhawokha. Mwana wosamvera amalangidwa, womvera amalandira mphatso, nkhani yatha. Buku la Alice linalibe phunziro kumapeto, ndiponso linkaseka ndakatulo zija ana ankaziloweza mokakamizidwa. Ine monga mlakatuli ndimaseka nawo, ngakhale mkwapulowo ukugwera ife tomwe. Kabuku kolemba pamanja kaja Alice anadzakagulitsa mu 1928, ali mayi wamasiye, pa mapaundi 15,400, ndipo lero kamasungidwa ku British Library ku London.

Tiwoloke nyanja tsopano tipite ku America. Kumeneko mu 1900 L. Frank Baum anatulutsa The Wonderful Wizard of Oz, nkhani ya mtsikana Dorothy amene kamvuluvulu anamunyamula ndi nyumba yomwe kukamtaya ku dziko lachilendo. Baum analibe cholinga cholemba lina lotsatira. Koma makalata a ana anayamba kufika, osalekeza. Mwini wake anafotokoza m'mawu oyamba a buku lachiwiri, la 1904, kuti anali atauza kamtsikana kena kuti adzalemba lina pokhapokha atalandira makalata 1,000 ochokera kwa atsikana 1,000, ndipo makalatawo anakwanadi. Pofika 1910 anali atatopa nalo dziko la Oz, ndiye m'buku lachisanu ndi chimodzi analitseka, kuuza awerengi kuti dzikolo labisika ndipo uthenga sungachokenso kumeneko. Ana anakana. Ndisabise, ndalamanso zinalankhula, paja mu 1911 Baum anagwa mu ngongole zosaneneka. Mu 1913 anabwerera ku Oz, nanena kuti mwana wina ndiye anamupatsa nzeru yolumikizana ndi Dorothy pa lamya yopanda waya. Pomwalira mu 1919 anali atalemba mabuku 14 a Oz. Mlembi anafuna kusiya, awerengi anamubweza pa mpando.

Nkhani imene imandikomera kwambiri ndi ya sheleni. Akuluakulu amene anagulako mchere dziko lino lisanayambe kugwiritsa ntchito kwacha mu 1971 akuidziwa ndalama imeneyi.

J.R.R. Tolkien anabadwira ku Bloemfontein, ku South Africa, mu 1892, koma anakulira ku Mangalande ndipo anadzakhala pulofesa wa Chingerezi chamakedzana ku Oxford. Madzulo ankasimbira ana ake nthano ya Bilbo Baggins, kamunthu kakafupi kaubweya kumapazi, kokonda kudya ndi kukhala phee pakhomo, kamene kanakokedwera pa ulendo wokalanda chuma kwa chinjoka. Mwana wake Christopher, ali ndi zaka zinayi kapena zisanu, sankalola chinyengo. Bambo akasintha mtundu wa chitseko cha Bilbo, iye ankadzudzula pomwepo kuti tsiku lija simunatero, ndipo bamboyo ankadzuka monyinyirika kukalemba kuti asadzagwidwenso. Bukulo litatuluka, Tolkien ankamulipira Christopher makobidi awiri pa cholakwa chilichonse chimene wapeza. Mnyamata yemweyo ndi amene anadzasonkhanitsa mapepala a bambo ake atamwalira, natulutsa The Silmarillion mu 1977.

Mu 1936 zolemba za nthano ya Bilbo zinafika ku kampani ya George Allen & Unwin ku London. Mkulu wa kampaniyo, Stanley Unwin, anali ndi chikhulupiriro chimodzi chosavuta: woyenera kuweruza buku la ana ndi mwana. Choncho anapatsa zolembazo mwana wake Rayner, wa zaka 10, kuti awerenge ndi kulemba maganizo ake, malipiro ake sheleni imodzi. Rayner analemba mizere yowerengeka. Anafotokoza nkhaniyo mwachidule, nati bukulo ndi labwino, popeza lili ndi mapu silifunikanso zithunzi, ndipo ana a zaka zapakati pa 5 ndi 9 adzalikonda. Tangoganizani, mwana wa zaka 10 kuyankhula za ana a zaka 9 ngati iye ndi nkhalamba! Bambo ake anamvera. The Hobbit inatuluka pa 21 Sepitembala 1937, mabuku 1,500, ndipo pofika Disembala onse anali atatha.

Sheleni ija sinathere pomwepo. Unwin anapempha buku lina lotsatira, Tolkien anayamba kulemba mu Disembala 1937, ndipo mutu woyamba anauwerenganso Rayner yemweyo. Koma ntchitoyo inatenga zaka 12. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inadutsa, nthano ya ana ija inakula n'kukhala chimbuku cha masamba oposa 1,000, chamdima, cha nkhondo ndi imfa ndi mphete imene imaononga aliyense woisunga. Mapepala anali okwera mtengo nkhondo itatha, ndipo kampani ina, ya Collins, imene Tolkien anayesa kukambirana nayo, inabwerera m'mbuyo mu 1952. Nthawi imeneyi n'kuti Rayner atakula ndipo akugwira ntchito pa kampani ya bambo ake. Anawerengera ndalama napeza kuti akasindikiza bukulo akhoza kutayapo mapaundi 1,000. Anafunsa bambo ake, omwe anali pa ulendo kunja, ndipo yankho linali lakuti ngati iye akukhulupirira kuti bukulo ndi la luso lapadera, ataye ndalamazo. Analigawa patatu kuti mtengo utsike, nagwirizana ndi Tolkien kuti salandira kanthu mpaka zolowa zitabwerera, kenako agawane phindu pakati. The Lord of the Rings inatuluka mu 1954 ndi 1955. Ndalama zija sizinatayike, ndipo kampaniyo inadyerapo kwa zaka zambiri.

Achinyamata anadzalitchinjirizanso buku limeneli. Mu 1965 kampani ya Ace Books ku America inapezerapo mpata m'malamulo a umwini wa mabuku, n'kusindikiza The Lord of the Rings yotchipa popanda chilolezo ndiponso osalipira mwini wake. Tolkien anayamba kutchula nkhaniyi m'makalata oyankha awerengi ake a ku America, ndipo iwo anaifalitsa m'masukulu ndi m'makoleji. Bungwe la Tolkien Society of America, limene linayamba chaka chomwecho, woyambitsa wake anali mnyamata wa ku sekondale ku New York. Phokoso linakula mpaka a Ace anavomera kulipira ndi kusiya kusindikiza.

Zaka zimenezi ndi zomwenso osindikiza a ku America anazindikira kuti pakati pa mwana ndi munthu wamkulu pali wowerenga wina, wa zaka za kusinkhuka, amene nthano za tiana zamuchepera koma za akulu sizimukhudza. Kampani yaing'ono ya Parnassus Press inapempha Ursula K. Le Guin kuti alembere gulu limeneli, ndipo mu 1968 anatulutsa A Wizard of Earthsea, nkhani ya mnyamata wakhungu loderapo amene anapita kusukulu ya matsenga n'kumasula mthunzi woopsa chifukwa cha kunyada kwake. Sukulu ya matsenga inalipo kale m'mabuku, zaka 29 Harry Potter asanabwere.

Za Harry Potter ambiri anazimva, koma si onse amadziwa kuti pakhomo pake panaimanso mwana. J.K. Rowling anamaliza buku loyamba mu 1995, ndipo makampani 12 analikana. Litafika ku Bloomsbury, kampani imene nthawi imeneyo inali yaing'ono, mkulu wake Nigel Newton anatengera kunyumba masamba oyamba n'kupatsa mwana wake wamkazi wa zaka 8. Mwanayo atawerenga anayamba kuvutitsa bambo ake kuti akufuna zotsatira. Mkonzi wa mabuku a ana, Barry Cunningham, analigula, komabe akulu anakhalabe ndi mantha awo. Analangiza Rowling kuti apeze ntchito ina popeza mabuku a ana sadyetsa munthu, namuuzanso kuti abise dzina lake loyamba poopa kuti anyamata sangawerenge buku lolembedwa ndi mzimayi. Pa 26 Juni 1997 anatulutsa mabuku achikuto cholimba 500 okha, ambiri mwa iwo opita ku malaibulale.

Amene analikweza bukuli anali ana, pouzana pabwalo la sukulu. Mphotho yoyamba yaikulu imene linalandira, ya Smarties, wopambana ankasankhidwa ndi mavoti a ana a sukulu, ndipo Rowling anaitenga zaka zitatu zotsatizana, 1997, 1998 ndi 1999. Akulu anayamba kuba mabuku a ana awo, mpaka a Bloomsbury anakonza zikuto zina zosaonetsa chibwana kuti bambo asachite manyazi powerenga m'sitima. Buku lachinayi, la mu 2000, linapyola masamba 600, ndipo chikhulupiriro chakuti mwana sangamalize buku lalitali chinathera pomwepo. Chaka chomwecho nyuzipepala ya New York Times inakhazikitsa mndandanda wapadera wa mabuku a ana ogulidwa kwambiri, popeza Harry Potter anali atadzaza malo apamwamba pa mndandanda wa akulu. Lomaliza litatuluka pa 21 Julayi 2007, ku America kokha anagula mabuku 8.3 miliyoni m'maola 24.

Wina anachita kuwoloka, kuchoka pa kuwerenga kufika pa kulemba. Christopher Paolini wa ku Montana, ku America, anayamba kulemba Eragon, nkhani ya mnyamata ndi chinjoka chake, ali ndi zaka 15. Makolo ake analisindikiza okha, iye n'kumayenda m'masukulu ndi m'malaibulale atavala zovala zamakedzana, kugulitsa limodzilimodzi. Mwana wopeza wa mlembi Carl Hiaasen analiwerenga ali patchuthi ku Montana, nalikonda, ndipo Hiaasen analitengera ku kampani ya Knopf imene inalitulutsanso mu 2003.

Tsopano taonani bwino mndandanda wa ana ndatchulawa, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Alice anali mwana wa mkulu wa koleji. Greville anali mwana wa mlembi. Rayner ndi kamtsikana ka ku Bloomsbury anali ana a eni makampani osindikiza. Wa Eragon uja ankadya patebulo limodzi ndi mlembi wotchuka. Sindikhulupirira kuti ana amenewa anali ndi diso loposa la anzawo. Mwayi wawo unali wakuti anakhala pafupi ndi khutu la munthu wokhala ndi makina osindikizira. Makampani 12 aja amene anakana Rowling akanafunsa mwana wa mlonda wa pageti, ndikukhulupirira kuti yankho likanakhala lomwelo. Sanafunse. Ndiye funso limene limandisowetsa tulo ndi ili: ndi mabuku angati abwino amene anafera m'kabati chifukwa panalibe mwana pafupi?

Funso lina ndi lakuti mwana amene akuwerengayo akudziona m'bukumo kapena ayi. Kwa zaka zambiri ngwazi za mabukuwa zinali za khungu loyera, ndipo ngakhale mnyamata wa Le Guin uja ojambula zikuto ena ankamuyeretsa. Ana a Afrika amene anakula akuwerenga zimenezi ndi amene anadzasintha zinthu. Nnedi Okorafor, wobadwira ku America kwa makolo a ku Nigeria, anatulutsa Zahrah the Windseeker mu 2005 ndi Akata Witch mu 2011, ndipo m'buku lachiwirili ngwazi yake ndi mtsikana wachialubino wokhala ku Nigeria. Tomi Adeyemi anatsatira mu 2018 ndi Children of Blood and Bone, lozikidwa pa chikhalidwe cha Ayoruba, limene linakwera pamwamba pa mndandanda wa New York Times. Mwana wa mlimi ku Dowa akamva kuti mtsikana wachialubino akhoza kukhala mpulumutsi m'buku, pali chimene chimasintha m'mutu mwake, ndipo ife tikudziwa chifukwa chake chimenechi n'chofunika m'dziko lino.

Ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kupukusa mutu. Mukuti, "Iwe, mabuku amenewa si a ufiti kodi?" Mantha amenewa sali kuno kokha. Bungwe la malaibulale ku America linapeza kuti pakati pa 2000 ndi 2009 Harry Potter ndiye anali patsogolo pa mabuku amene anthu ankafuna achotsedwe m'masukulu ndi m'malaibulale, ndipo mu Disembala 2001 mpingo wina ku Alamogordo, ku New Mexico, unawatentha pamoto. Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera kuposa kumeneko, ndipo sindingaseke kholo limene likuda nkhawa. Mawu akuti mfiti kuno si a m'nthano. Agogo aphedwa chifukwa cha mawu amenewa, ana athamangitsidwa pakhomo, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Komabe tiyeni tikumbukire kumene tinachokera. Agogo athu akati "Padangotelo", ife n'kuvomera "Tili tonse", ankatisimbira za Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dothi amene ankayenera kuthawa mvula. Ankatisimbira za kalulu woyankhula, za mbalame zoimba zinsinsi za anthu, za nkhalamba ya kumtsinje imene imayesa mtima wa mtsikana isanamupatse mphatso. Palibe anati agogo akuphunzitsa ufiti. Tonse tinkadziwa kuti dziko la m'nthano lili ndi malamulo akeake, ndipo kumeneko mwana amaphunzira imfa, nsanje, mantha ndi kulimba mtima ali pabwino, pafupi ndi moto. Wamatsenga wa m'mabuku a Tolkien ndi Le Guin ndi m'bale wake wa nkhalamba ya kumtsinje ija. Ndiponso pabwalo paja woweruza anali yani? Nthano ikakhala yozizira "Tili tonse" uja ankayamba kuchepa mphamvu, ana n'kugona mmodzimmodzi, agogo n'kudziwa kuti lero sizinayende. Nzeru ya Stanley Unwin ife tinali nayo kalekale, kungoti sitinaitengere ku makina osindikizira.

Zipangizo tili nazo. Malemu Steve Chimombo anatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa mapiri, n'kumulowetsa m'ndakatulo, ndipo anasandutsanso nthano zathu kukhala mabuku monga The Bird Boy's Song. Shadreck Chikoti mu 2015 anatulutsa Azotus the Kingdom, nkhani ya Afrika wa zaka 500 zam'tsogolo. Owerenga nawonso alipo, paja kuyambira 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana ankhaninkhani anaphunzira kuwerenga. Chimene chikusowa ndi mlatho. Osindikiza athu amadalira mabuku a silabasi chifukwa ndiwo amagulidwa, ndipo sindikuwanena, nawonso ali ndi ana ofuna kudya. Koma zotsatira zake n'zakuti buku limasankhidwa ndi komiti ya akulu, kugulidwa ndi akulu, kuyesedwa mayeso ndi akulu, mwana n'kungolandira ngati mankhwala a malungo. Buku lachikalekale limene amaligula pamphepete pa msewu ndi ndalama yake ya mandasi, n'kuliwerenga pa koloboyi mpaka mafuta kutha, limachokera kunja.

Pempho langa ndi laling'ono ndipo silifuna thandizo la maiko akunja. Inu akonzi ndi osindikiza, zolemba za ana zikafika pa tebulo lanu, tengani mitu iwiri yoyamba mupatse ana khumi, asanu a m'tauni ndi asanu a kumudzi, ena a mabwana ena a ogulitsa makala. Alipireni kangachepe monga anachitira Unwin, ndipo musawafunse phunziro limene apezamo. Afunseni ngati akufuna mutu wachitatu. Inu aphunzitsi oyang'anira kalaibulale ka sukulu, onani buku limene lang'ambika kwambiri chifukwa chobwerekedwa, mulembe dzina lake mutumize kwa ogula mabuku. Ndipo inu makolo, mwana uja akayambanso kukusimbirani za zinjoka zake nsima ikuzizira, musamudule pakamwa. Mufunseni kuti kenako chinachitika n'chiyani.